Inshulansi kwa anthu odzilemba ntchito ndi amaganyu

Zikomo kwambiri, ndipo ndikupatseni moni nonse amene mukutimvera kuno ku Zomba, kaya muli pa siteji ya kabaza ku Chinamwali, kaya mukusoka pakhonde ku Matawale, kaya muli ku Chikanda mukutayipira ophunzira a ku yunivesite ntchito zawo. Lero ndikulankhula ndi inu amene mulibe bwana wokulipirani pakutha pa mwezi.

Munthu wolembedwa ntchito pakampani lamulo limamuteteza ngakhale iye asakudziwa. Lamulo la penshoni, limene linakonzedwanso mu 2023, limakakamiza olemba ntchito kuika ku penshoni ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kuikapo 5 peresenti, ndipo limawakakamizanso kumugulira inshulansi ya moyo yofanana ndi malipiro ake a chaka chimodzi. Akavulala pa ntchito, pali lamulo la chipukuta misozi la mu 2000. Koma inu wojambula zithunzi pa maukwati, inu wokonza mafoni pamsika, amene wakupatsani ntchito lero ndi kasitomala, si bwana wanu, choncho zonsezi muyenera kudzikonzera nokha.

Choyamba, musanapite ku ofesi iliyonse ya inshulansi, tengani kope mulembe chinthu chimene chitati chawonongeka lero, mawa kunyumba kwanu sikuphikidwa. Kwa wina ndi njinga yamoto, kwa wina ndi kamera, kwa wina ndi thupi lake lenilenilo, monga mmisiri wofolera nyumba. Yambani ndi chimenecho, chifukwa ndalama za ganyu sizingakwanire kuteteza zonse nthawi imodzi.

Tsopano njinga yamoto. Apa ndichedwapo, mundikhululukire. Lamulo la pamsewu limafuna kuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse ikhale ndi inshulansi ya third party. Imeneyi imalipira munthu amene mwamuvulaza kapena katundu wake amene mwamuwononga, kufikira pa malire olembedwa m'chikalata chanu. Siikonza njinga yanu, ndipo siikulipirani inuyo mukathyoka mwendo. Ndibwereze, chifukwa ambiri amasokonezeka pamenepa: third party ndi ya munthu winayo, si yanu. Mukafuna kuti njinga yanu nayonso ilipidwe ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa, mukufunika comprehensive, imene mtengo wake ndi wokwera. Za mwendo wanu ndi inshulansi ina, ya ngozi ya munthu mwini, ndipo imeneyi ndi imene a kabaza a njinga zakapalasa ayenera kuifunsa.

Pa fomu imene adzakupatseni pali funso lakuti, kodi njingayi muziigwiritsa ntchito yanji? Funso limeneli, abale anga, funso limeneli ndi limene ndabwerera pano lero. Ine ndinali ndi njinga yamoto imene ndinapatsa mnyamata wa mlongo wanga kuti azinyamulira anthu pakati pa msika ndi Sadzi. Wothandiza kudzaza fomu pa kampani ina, imene sindiitchula, anachonga kuti njingayo ndi yoyendera ine mwini, ndipo anandiuza kuti motero mtengo utsika. Chikalata chinatuluka, chilichonse chikuoneka bwino. Tsiku lina kukugwa mvula, njinga inaterereka potsetsereka, mayi amene ananyamulidwa n'kuthyoka mkono. Lipoti la apolisi linalemba zoona, kuti mayiyo anali wokwera wolipira. Nditatengera lipotilo ku kampani, anaika mapepala awiriwo pa tebulo moyandikana, fomu ija ndi lipoti lija, n'kundilozera ndi cholembera mzere umodzi wokha. Njinga yanga sanailipire, ndipo nkhani ya mayi uja inatenga nthawi yaitali, ndalama zambiri zinatuluka m'thumba mwanga.

Ndiye ndikuti, fomu dzazani nokha, kapena ngati wina akukudzazirani, akuwerengereni mzere uliwonse musanasaine. Ngati njinga ndi ya kabaza, palembedwe kuti ndi yonyamula anthu olipira. Kenako funsani mwachindunji kuti, kodi wokwera kumbuyo akavulala mudzalipira, ndipo mudzalipira kufikira ndalama zingati? Yankho lake musalimve ndi makutu okha, akuonetseni pamene zalembedwa. Funsaninso za woyendetsa. Ndinaiwala, za woyendetsa ndi zofunika kwambiri: ngati mnyamata amene mwamupatsa njinga alibe laisensi yoyenera, kampani ili ndi chifukwa chokanira, ngakhale inu mwini muli nayo. Njingayo ikhalenso yolembetsedwa ku Road Traffic, ili ndi nambala. Ndipo inu amene mumapereka katundu kapena kunyamula anthu pa galimoto yanu yaing'ono pakati pa Zomba ndi Liwonde, nkhani yake ndi yomweyi, musaganize kuti ndikunena a njinga okha.

Pali mnyamata wina wa cha ku Thondwe amene tinamulangiza zonsezi pa msonkhano wa gulu lawo. Iye anaona kuti ku ofesi n'kutali, anagula chikalata kwa munthu wina pa depoti pa mtengo wotsika. Apolisi apamsewu ankamudutsitsa, iye n'kumati zinthu zili bwino. Atagunda mwana wa sukulu ndi pamene zinadziwika kuti kampani yolembedwa pa chikalatacho sinalandirepo ndalama yake. Njinga inagulitsidwa kuti alipire banja la mwanayo.

N'chifukwa chake gawo lotsatira ndi kutsimikiza amene mukumupatsa ndalama. Makampani a inshulansi ndi owagulitsira amapatsidwa chilolezo ndi Reserve Bank of Malawi. Alipo odziwika monga NICO, Old Mutual, Britam, General Alliance, Reunion ndi CIC, ena a inshulansi ya moyo, ena a katundu. Sindikukusankhirani, funsani mitengo kwa awiri kapena atatu. Mukamalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndalama zipite ku nambala ya kampani, osati ku nambala ya munthu, ndipo uthenga wotsimikiza musaufufute. Lisiti lijambuleni pa foni n'kutumizira mkazi wanu kapena mwamuna wanu.

Ndibwerere pang'ono, ndinadumpha zida zogwirira ntchito. Kamera, laputopu, makina osokera, zokuzira mawu za pa zinkhoswe, izi zimatetezedwa ku moto ndi kwa akuba, koma onani ngati chitetezocho chikugwira ntchito chidacho chikatuluka m'nyumba. Wojambula zithunzi kamera yake siibedwa ili m'kabati, imabedwa pa holo kapena m'minibasi yopita ku Blantyre. Ngati chikalata chikunena za m'nyumba mokha, sichikuthandizani. Lembani nambala ya chida chilichonse, sungani lisiti logulira. Za madzi osefukira funsaninso padera, makamaka inu okhala kufupi ndi mtsinje wa Likangala, pakuti tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023.

Mtengo umene mwalembetsa muziukonza chaka ndi chaka. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zida zochokera kunja zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Tiyerekeze kuti kamera munailembetsa pa K1 miliyoni koma lero ikugulidwa pa K2 miliyoni. Ikabedwa simulandira kuposa K1 miliyoni ija, ndipo ikangowonongeka pang'ono, makampani ambiri amalipira theka lokha la mtengo wokonzera, poti munateteza theka la mtengo wake. Pamwamba pa izo amachotsapo excess, gawo limene mumalipira nokha pa vuto lililonse. Funsani kuti excess yanu ndi ndalama zingati musanasaine, osati tsiku la vuto.

Za chipatala ndinena mwachidule. Ku Zomba Central thandizo ndi laulere, koma zipatala za mishoni monga St Luke's ku Malosa ndi zolipira, ndipo mankhwala akasowa timakagula ku famase. Mabungwe a inshulansi ya chipatala monga MASM ali ndi magawo a mitengo yosiyanasiyana. Chofunika kudziwa n'chakuti pali nthawi yodikira musanayambe kuthandizidwa pa zinthu zina, monga uchembere ndi matenda amene munali nawo kale. Matendawo anenenitu pa fomu. Mukuona kuti tabwereranso pa fomu paja: kaya ndi njinga, kaya ndi thupi, chimene mwalemba tsiku loyamba ndi chimene adzakuweruzirani nacho.

Inshulansi ya maliro ndi imene ambiri timayambira chifukwa ndi yotsika mtengo, ndipo ine ndimailimbikitsa, pakuti zovuta zikagwa, bokosi, galimoto ndi chakudya cha pasiwa zimatha mpamba wonse wa bizinesi m'masiku ochepa. Nayonso ili ndi nthawi yodikira, kawirikawiri miyezi ingapo pa imfa ya matenda. Lembetsani mayina monga alili pa chiphaso cha unzika. Mayi wina wogulitsa kaunjika analembetsa amayi ake ndi dzina limene ankawaitanira kumudzi, ngakhale anachenjezedwa, ndipo pa tsiku la zovuta ana ake anali kuyenda pakati pa amfumu ndi ofesi kufuna kalata yotsimikiza kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Dzina la wodzalandira ndalama mukamwalira nalonso muzilionanso mukakwatira, banja likatha kapena mwana akabadwa.

Tsopano vuto lathu lenileni, ife a ndalama zosakhazikika, ndi kulipira mosadumphitsa. Mukasiya kulipira, chitetezo chimaima, ndipo mukayambiranso mukhoza kudikira kachiwiri. Telala amapeza bwino sukulu zikamatsegulira, wojambula amapeza bwino nyengo ya maukwati ndi pa mwambo wa omaliza maphunziro, koma Januwale ndi Febuluwale onse amalira. Choncho lipirani chaka chonse, kapena miyezi isanu ndi umodzi, pa nthawi imene ndalama zilipo. Amene muli mu banki mkhonde, tsiku logawana likhale tsiku lolipira inshulansi. Magulu a kabaza ndi ma SACCO, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama aja, angathenso kupempha inshulansi ya gulu, imene nthawi zambiri imatsikirako mtengo pa munthu aliyense.

Pabwera uthenga kuchokera kwa bambo wina wa ku Songani, akufunsa kuti ngozi ikachitika ayambire pati. Bambo, wovulala apite kuchipatala choyamba. Kenako dziwitsani apolisi, jambulani zithunzi za malowo, ndipo imbirani kampani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, chifukwa chikalata chimaika malire a masiku odziwitsira. Musavomere mlandu pamsewu, musalonjeze kulipira, ndipo musayambe kukonzetsa njinga a kampani asanaione. Akakukanirani, pemphani kuti chifukwa chake achilembe m'kalata. Mukapanda kukhutira, dandaulani kwa akuluakulu a kampaniyo polemba, ndipo zikakanika pamenepo, tengani kalata zonsezo pamodzi ndi chikalata chanu ndi malisiti mupite nazo kwa Registrar of Financial Institutions, woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank, amene ofesi yawo yapafupi ndi ife ili ku Blantyre.