Achimwene, za mapiritsi a amayi zija

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndiye mundipirire, uthengawu utalika. Muumvere mpaka kumapeto, osati zanu zija zomvera theka n'kuyankha kuti "chabwino".

Alamu andiuza kuti amayi anasiya mapiritsi a BP kuyambira pa Isitala, ati chifukwa mutu unaleka kuwawa. Inu mukudziwa, koma kungokhala duu! Achimwene, BP si malungo ayi. Malungo umamwa LA masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, basi mwathana. BP sichoka m'thupi. Mapiritsi aja ali ngati chingwe cha mbuzi nthawi ya dzinja, mukangomasula yalowa m'munda. Ndipo nthawi zambiri siwawitsa n'komwe mutu. Munthu imakwera kupitirira 140 pa 90 iye akukumba mtedza bwinobwino, tsiku lina n'kudzuka pakamwa patakhota, dzanja silikugwira. Mwaiwala mmene atsibweni a ku Santhe anagonera zaka zija, tikuwatembenuza pa mphasa?

Gogo amene ndimamusamala kuno ku Joni amamwa ake tsiku ndi tsiku, m'kabokosi kolemba masiku, Lolemba mpaka Lamulungu. Ndimamuyeza ndine ndi kamakina ka pamkono, mwana wake safunsanso, amangoti zonse ndikudziwa ndine. Ndiye ndizisunga mayi wa eni, wanga akumwa za m'botolo la mayi aja a kuseri kwa chigayo? Eya, ndamva zimenezonso. Iwo aja ndi amene akuuza anthu kuti mapiritsi a kuchipatala amaumitsa magazi, chonsecho botolo lawo salipereka ulere. Mwana wawo atadwala anathamangira naye ku boma pa kabaza, botolo analisiya pa windo.

Komanso ati munakwiya kuti adokotala sanawabaye jakisoni, munati ndi kamnyamata kosadziwa ntchito. Jakisoni amabaya munthu amene akusanza, amene sangameze, kapena amene matenda amufooketseratu. Sikuti singano ndiye mphamvu. BP ya tsiku ndi tsiku ndi ya mapiritsi, ngakhale kuno kwa azungu a ndalama.

Za kukodza usiku zimene amadandaulazo, n'zoona, sakunama. Ndi kaja analemba HCTZ m'buku mwawo, ntchito yake ndi yomweyo, kuchotsa madzi ndi mchere. Azimwa m'mawa akangodzuka, osati pogona. Kenako kaja, amlodipine, anthu ena kamawatupitsa mapazi. Zikatero musataye, apite ndi buku lawo akanene, adokotala amatha kusintha. Osangosiya mwakachetechete.

Iii, kuno kwazizira, achimwene, Juni wa kuno si wa ku Kasungu. Dzulo ndinalota ndikudya futali wa mbatata pakhonde paja. Fodya munapita naye ku Chinkhoma? Simunandiuzetu, ndangomvera kwa ena kuti mabelo anatuluka.

Ndinali pati... eya, mawondo. Indocid ndi Brufen amene mukuwagulira pa okala aja asiye. Amenewo amakweza BP, amakanda m'mimba, impso nazo zimavutika. Akamva kuwawa amwe Panado, ndipo akawauze adokotala za mawondowo. Mchere achepetse. Ndi soda wa m'therere yemwe, amayi dzanja lawo mumalidziwa, therere limachita kuterera mpaka kuthawa m'mbale.

China ndisanaiwale. LA wotsala wa mwana uja ati mwasunga pa denga kuti adzathandize wina akadzatentha thupi. Watsala bwanji poyamba? Ndiye kuti mwana sanamalize. Kutentha thupi kulikonse si malungo, n'chifukwa chake amayamba abaya kachala. Mukukumbukira chloroquine woyabwitsa uja? Anasiya kugwira, boma linamuchotsa mu 1993, kunabwera Fansidar, nayenso anatopa, mu 2007 ndiye kunabwera LA. Tizilombo timazolowera. Ameneyu tikamuseweretsa tidzamwa chiyani?

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, nambala ndikulemberani. Ndi ya kabaza Lolemba, osati ya feteleza, ndakupemphani. Mupite nawo nokha, akawayeze, munene zoona kuti anasiya miyezi iwiri, musawabisire pochita manyazi. Mukabwerako mujambule tsamba limene alembalo munditumizire pa WhatsApp, manambala aoneke bwino, osati chithunzi cha chala chanu ngati ulendo watha uja. Amayi musawauze kuti ndakalipa, ndiwaimbira ndekha Lamulungu akachoka ku tchalitchi.