Makalata a omvera: opaleshoni yochepetsa mabere ndi kuchira kwake

Omvera athu, makalata a lero akukamba za opaleshoni yochepetsa mabere. Amayi ambiri amaifuna chifukwa kulemera kwa mabere kumawapweteketsa khosi, msana ndi mapewa, zingwe za bra zimawadya m'mapewa, ndipo kunsi kwa mabere kumabuka zilonda za thukuta zosamva mankhwala. Kalata yoyamba yachokera kwa namwino wa mu wodi ya anthu ochitidwa opaleshoni.

"Moni a muulutsi. Ndikufuna amayi amve kaye chomwe dokotala amachita, chifukwa zovuta zambiri zimachokera pomwepo. Mayi amagonekedwa ndi mankhwala kwa maola awiri mpaka anayi. Dokotala amachotsa mafuta, mnofu wa bere ndi khungu, mwina magalamu 500 mbali iliyonse, mwinanso kupitirira kilogalamu. Nsonga ya bere nthawi zambiri saidula n'kuichotsa ayi. Amaisiya ili pa kachigawo ka mnofu komwe kali ndi mitsempha yake, n'kuikweza pamalo atsopano. Moyo wa nsongayo uli pa kachigawo kameneka. Posoka, mzere umazungulira bwalo lakuda la nsonga, umatsika, n'kukakumana ndi wina wopingasa kunsi kwa bere. Pokumanira mizere iwiriyi khungu limakokeka kwambiri ndipo magazi amafikapo ochepa. Ndiye pomwe bala limakonda kutseguka. Likatseguka pang'ono sitisokanso. Timatsuka, kumanga, n'kulisiya lipole lokha kuchokera mkati, ngakhale zimatenga masabata angapo."

Zikomo kwambiri anamwino. Mwatchula za magazi, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa mpamene mayi ali ndi mbali yake. Fodya amachepetsa mitsempha ing'onoing'ono yomwe ikudyetsa nsonga ndi khungu losokedwa. N'chifukwa chake madokotala amati musiye kusuta masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi opaleshoni isanachitike, ndipo musayambirenso bala lisanapole. Odwala shuga, shugayo akhale atatsika bwino. Ngati mumamwa asipirini kapena mankhwala ena osungunula magazi, muuzeni dokotala msanga, koma musasiye nokha.

Kutupa, mikwingwirima ndi dzanzi pakhungu n'zoyembekezeka. Koma bere limodzi likatupa mwadzidzidzi, n'kulimba, n'kumawawa kuposa linzake, makamaka tsiku loyamba, ndiye kuti mwina magazi akukhetsekera mkati ndipo pafunika kutsegulanso. Nsonga ikayamba kuda kapena kuzizira, magazi sakufikako. Thupi likatentha kufika madigiri 38, bala n'kumatuluka mafinya, tizilombo talowa. Katumba wa mwendo akatupa kapena mpweya ukamabanika, magazi akhoza kukhala ataundana mu mtsempha. Zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, chonde amayi, musadikire tsiku lomwe anakulemberani.

Kalata yachiwiri ndi ya mzamba, ndipo ndi yaifupi.

"A muulutsi, atsikana omwe sanabereke auzidwe poyera za kuyamwitsa. Ambiri amayamwitsa ndithu, koma mkaka ukhoza kuchepa chifukwa njira zina za mkaka zimadulidwa. Mabere akakhala aakulu kwambiri, dokotala nthawi zina amachotseratu nsonga n'kuisokereranso ngati chigamba. Pamenepo kuyamwitsa sikutheka, ndipo nsonga simvanso kukhudzidwa monga kale."

Zoona zimenezo amayi. Funso loti "nsonga muisiya pa mnofu wake kapena muichotsa?" lifunsidwe musanasaine pepala lovomereza. Dziwaninso kuti kutenga pakati ndi kunenepa zikhoza kukulitsanso mabere. Ine ndimaona kuti yemwe akufuna kubereka posachedwa ndi bwino adikire kaye, koma yemwe msana ukumusowetsa tulo lero asadzione wolakwa posankha kuchitidwa panopa.

Yomaliza yachokera kwa katswiri wa mafizo.

"Moni a muulutsi. Mayi ayambe kuyenda pang'onopang'ono tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti magazi asaundane m'miyendo. Ngati anamuika timapaipi totulutsa madzi, timachotsedwa pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Avale bra yofewa, yopanda waya, yomangira kutsogolo, usana ndi usiku kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Agone chagada, mapilo atamukweza kumtunda. Ntchito ya muofesi akhoza kubwerera pakatha masabata awiri kapena atatu, koma kunyamula mwana, katundu wolemera kapena kuthamanga zidikire masabata asanu ndi limodzi. Mapewa aziwazunguza mofatsa kuti asaume."

Tathokoza. Ndionjezepo za zipsera, poti ambiri zimawadetsa nkhawa. Miyezi yoyamba zimakhala zolimba, zakuda kapena zofiira, ndipo zimatenga chaka kapena kupitirira kuti zifewe n'kuzirala. Sizitheratu. Anthu akhungu lakuda ndi omwe amakonda kukhala ndi zipsera zotukuka, zomwe zimakula kupitirira bala ndi kumayabwa. Ngati munatukukapo chipsera poboola khutu kapena pa bala lina, muonetseni dokotala asanakhudze mpeni. Timapepala ta silikoni tomata pa chipsera timathandiza, koma timaikidwa bala litatsekeratu.

Mabere amakhazikika m'maonekedwe ake pakapita miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, choncho musawaweruze mwezi woyamba. Mukamva kachotupa kolimba mkati, kawirikawiri ndi mafuta omwe anafa chifukwa chosowa magazi, komabe kapimidwe. Mnofu womwe wachotsedwa umatumizidwa ku labotale kuti akauunike, ndiye funsani zotsatira zake. Ndipo mukadzapita kukajambulitsa mabere pofufuza khansa, auzeni ojambulawo kuti munachitidwa opaleshoniyi, chifukwa zipsera za mkati zimaoneka pa chithunzi ndipo zikhoza kuwasokoneza.