Kulemeretsa muvi kutsogolo: muyeso wake, kaikidwe kake ndi zomwe zimasokonekera

[Pa kanema: tebulo panja, phiri la Mulanje kumbuyo. Patebulo pali mivi ya nsungwi, mivi ya kaboni, tepi, kasikelo ndi misomali.]

Moni nonse okonda uta ndi mivi. Lero tikambirane za kuwonjezera kulemera kumutu kwa muvi. Tinene poyambirira kuti chitsulo chilichonse chomwe mwawonjezera kutsogolo chimafewetsa muvi. Ambiri amangosomeka chitsulo, muvi n'kuyamba kuuluka chopendekera, iwo n'kumadandaula za uta.

Muvi wolemera kumutu nthenga zake zimagwira ntchito mosavuta, chifukwa mtunda wochokera pomwe muvi umakhazikika kufika kunthenga umatalika. Umawongoka msanga ukachoka pa chingwe, sugwedezeka kwambiri ndi mphepo, komanso ukagunda chinthu mchira sumenya uku ndi uku, choncho umalowa mozama.

[Pa kanema: manja akuyeza muvi ndi tepi.]

Muyeso wake amautcha FOC (front of center), womwe umasonyeza kuti pomwe muvi umakhazikika papita kutsogolo motani kuchoka pakati pake. Yezani muvi kuchokera m'kati mwa kamphanda kolowa chingwe kufika pomwe ndodo yathera, mutu osawerengera. Uwu ndi masentimita 76, ndiye pakati pake ndi 38. Tsopano, mutu ndi nthenga zili pomwepo, ugonekeni pamsana pa mpeni mpaka ukhazikike, mulembepo ndi pensulo. Wathuwu wakhazikika pa 47 kuchokera kukamphanda. Chotsani 38 pa 47, patsala 9. Gawani 9 ndi 76, muchulukitse ndi 100. Ndi pafupifupi 12 peresenti.

Kampani ya Easton imalangiza 10 mpaka 15 peresenti pa mivi yosakira. Dr Ed Ashby wa ku America, yemwe kafukufuku wake anayambira ku Natal ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti muvi umalowa kwambiri ukafika 19 peresenti kupita m'tsogolo. Koma pa mndandanda wake wa zinthu zothandiza muvi kulowa mozama, choyamba ndi chakuti muvi usasweke, chachiwiri uuluke mowongoka, FOC ikubwera pachitatu. Dongosolo limenelo ifenso tikugwirizana nalo kwathunthu.

Zida zogula kunja zimalembedwa mu ma grain. Galamu imodzi ndi ma grain 15.4, kotero mutu wa 125 ndi magalamu 8 ndi pang'ono. Pa uta wamtengo kapena recurve (uta wa nsonga zopindikira kutsogolo), muvi wonse uzilemera ma grain 8 mpaka 10 pa paundi iliyonse ya mphamvu ya uta. Uta wa mapaundi 45 ukufuna muvi wa magalamu 23 mpaka 29. Muvi wopepuka kwambiri umasiya mphamvu mu uta, ndipo utawo ukhoza kung'aluka muli chiugwirire.

[Pa kanema: nsungwi pafupi kwambiri, kubowo kukuoneka.]

Tiyambe ndi nsungwi, popeza ndi yomwe ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo tili nayo. Mbali yonenepa ikhale kutsogolo. Pamenepo mwapeza kale kulemera kwaulere. Musanalowetse kanthu m'bowo, kulungani nsonga ndi ulusi wolimba masentimita atatu kapena anayi, mupake guluu, iume. Mukaiwala izi nsungwi imang'ambika m'litali chitsulo chikangolowa, kapena pa kulasa koyamba.

Chitsulo chapafupi ndi msomali. Msomali wonenepa mamilimita 4 umalemera pafupifupi galamu imodzi pa sentimita iliyonse, ndiye wowerengera savutika: mukufuna magalamu asanu, dulani masentimita asanu. Dulani mutu wa msomaliwo, muupale ndi sandipepa mpaka uwale, muupukute ndi sipiriti kuti mafuta achoke. Ngati kubowo kwatsekedwa ndi mfundo, boolani pang'onopang'ono ndi dirilo yofanana ndi msomaliwo. Uzilowa ndi chala chokha. Mukafika pofuna hamala, dziwani kuti bowo lachepa.

Guluu akhale epoxy wouma pang'onopang'ono, wa usiku wonse. Wouma m'mphindi zisanu uja amakhala wophweka kusweka, ndipo supagulu sadzaza mipata. Chitsulo chikamasuka m'kati, muvi ukagunda cholimba chimathamangira kutsogolo n'kukankha mutu, kapena mutu umabwerera m'mbuyo n'kung'amba ndodo. Mukagwedeza muvi n'kumva kaphokoso, uchotseni pa gulu. Mtovu ife sitiulimbikitsa, makamaka pa muvi womwe ungakhudze nyama yodya.

Taonani zomwe magalamu asanu achita. Muvi uja unali wa magalamu 30, tsopano ndi 35. Wakhazikika pafupi ndi 51, ndipo FOC yachoka pa 12 kufika pafupifupi 17.

Pa kaboni n'kosavuta: mutu wolemerapo, kapena insert (kachitsulo kolowa m'ndodo, kogwira mutu) ya mkuwa ya ma grain 50 kapena 100 m'malo mwa ya aluminiyamu. Tsukani m'kati mwa ndodo musanamate. Moto usakhudze kaboni. Ngati mukugwiritsa ntchito guluu wosungunula, tenthetsani chitsulo chokha, pang'ono.

[Pa kanema: chandamale cha thumba lodzaza nsanza, woponya ataima chapatali.]

Apa ndi pomwe tikufuna mumvetsere bwino. Chingwe chikakankha muvi kumbuyo, mutu umachedwa kunyamuka, ndiye ndodo imapindika. Mutu ukalemera, imapindika kwambiri. Ndodo yomwe inali bwinobwino dzulo lero yasanduka yofewa, ngakhale simunaikhudze. Pa kaboni, nambala yolembedwa ija, 500 kapena 400, ikamachepa ndiye kuti ndodo ndi yolimba. Amene wawonjezera ma grain 100 nthawi zambiri amayenera kusamukira ku yolimba.

Kuti mudziwe, tengani mivi itatu ya nthenga ndi iwiri yopanda nthenga, yonse ya mitu yofanana, yosongoka chabe. Mutu wa mpeni musaulase wopanda nthenga ngakhale kamodzi, umakhotera kulikonse. Yambirani pa mamita 10, kenako 15. Kwa amene amakoka ndi dzanja lamanja, muvi uli kumanzere kwa uta: yopanda nthenga ikamagwera kumanja kwa inzake, ndodo yafewa, ikamagwera kumanzere, yalimba. Wamanzere atembenuze. Ikamagwera pansi, potsamira kamphanda pa chingwe pakwera. Ikamapita pamwamba, patsika. Konzani za pamwamba ndi pansizi kaye, kenako za m'mbali. Ndipo musaweruze ndi muvi umodzi, chifukwa chala chikalakwitsa kumasula chimanamiza. Bwerezani kangapo.

Ikafewa, chepetsani chitsulo, kapena fupikitsani ndodo mamilimita 5 okha, mulasenso. Dulani kumchira pa mivi yoyeserayo, popeza kutsogolo mwamata kale. Malire ake ndi awa: mukakoka mpaka kumapeto, ndodo izitsala masentimita awiri ndi theka kutsogolo kwa uta, mpeni usafike pa chala. Ngati mwafika pamenepo ikadali yofewa, ndodoyo siyoyenera kulemera kumeneko, pezani yonenepa. Yolimba ndiye yosavuta: wonjezerani galamu imodzi kapena awiri.

Za kusaka, abale, lamulo lilipo. Nkhalango ya phiri la Mulanje ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ya phiri la Thyolo nayonso ndi yotetezedwa, ndipo kusakamo n'koletsedwa, kaya ndi uta. Kwina konse funsani kaye ku nthambi yoona za nyama zakutchire za chilolezo, malinga ndi lamulo lomwe linakhwimitsidwa mu 2017. Mkungudza nawo musaudule kuti mupange mivi. Pa chandamale, zonse tafotokozazi zimagwira chimodzimodzi.

Muvi wolemera umatsika msanga. Pa mamita 15 simuona kusiyana kwenikweni, koma pa 25 ndi 30 muyenera kuphunziranso kalozedwe. Mivi ya gulu limodzi isasiyane kupitirira galamu imodzi, ndiye iliyonse ipite pa sikelo. M'nyengo ya chiperoni nsungwi yosapaka vanishi imamwa chinyezi, imalemera n'kufewa. Pakani kawiri kapena katatu, kenako muyezenso pokhazikika paja, chifukwa vanishi nayenso amawonjezera kulemera ndodo yonse.