Kodi aphunzitsi a ku yunivesite akanyanyala ntchito, nkhani imakhala ndalama basi?

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli nafe kuno ku Dedza, komwe chisanu chatikakamiza kujambula titavala majuzi awiriawiri, kaya muli kutali. Chimene chandiputa lero ndi mawu amene ndidamva masiku apitawa pa msika wa Lizulu, kwa mayi wina wogulitsa kabichi ndi mbatatesi, amene mwana wawo ali chaka chachiwiri ku yunivesite. Mayiwo adati aphunzitsi a kumeneko ndi adyera, akangofuna ndalama amatseka sukulu, fizi ya makolo n'kungolowa m'madzi. Mayi, ngati mukuonera, ululu wanu ndikuumva, koma mundilole ndikutsutseni mwaulemu. Tisanapite patali, dinani batani la subscribe lili m'munsimu, pakuti ndi limene limatithandiza kugula bandulo.

Choyamba, tidziwe msanga amene amakangana. Pamwamba penipeni pa University of Malawi pali Chancellor, amene ndi mtsogoleri wa dziko. Pansi pake pali khonsolo, yomwe ndiyo bwana wa aphunzitsi chifukwa imalemba ntchito, kuchotsa ntchito ndi kuyang'anira chuma. Ntchito za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi Vice-Chancellor, pomwe za maphunziro, mayeso ndi madigiri zili m'manja mwa seneti. Aphunzitsi nawo ali ndi bungwe lawo lowayankhulira.

Chachiwiri, amakanganira malipiro, kukwezedwa pa ntchito, kasankhidwe ka akuluakulu, komanso funso lakuti ndani ali ndi mphamvu pa zimene zimanenedwa m'kalasi. Izi ndadutsapo mothamanga dala, chifukwa nkhani yeniyeni ili kutsogoloku.

Chachitatu, ndipo apa mukhale pansi bwinobwino, tiyeni tithane ndi bodza lija lakuti kunyanyala kulikonse n'kwa ndalama. Mkangano waukulu kwambiri umene anthu amaukumbukira m'mayunivesite athu udalibe ngakhale tambala imodzi m'kati mwake. Mu 2011, dziko lili pa mavuto a kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa maphunziro a ndale ku Chancellor College (Chanco) ku Zomba, yomwe panthawiyo idali imodzi mwa makoleji a University of Malawi, adapereka chitsanzo m'kalasi chofanizira mavuto amenewa ndi zimene zidautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Pa 12 Febuluwale, mkulu wa apolisi wa nthawi imeneyo, a Peter Mukhito, adamuitanitsa kukamufunsa za phunzirolo.

Taimani kaye pamenepo. Funso limene aphunzitsi anzake adadzifunsa ndi lomwe inunso mukadadzifunsa: kodi mawu onenedwa m'kalasi ku Zomba adafika bwanji m'makutu a mkulu wa apolisi? Yankho lawo lidali lakuti m'makalasimo muli akazitape. Choncho adaleka kuphunzitsa, ndipo adapempha zinthu ziwiri zokha: kuti mkulu wa apolisi apepese, ndiponso kuti boma liwatsimikizire kuti aziphunzitsa mopanda mantha. Sadapemphe kukwezedwa malipiro, sadapemphe galimoto, sadapemphe alawansi. Ndikubwerezanso chifukwa ndikudziwa kuti wina walemba kale m'makomenti kuti ndikuwaikira kumbuyo: sadapemphe ndalama.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero ndi zimene akuluakulu a yunivesite adachita. Munthu akadayembekeza kuti khonsolo, monga kholo la sukuluyo, iima pakati pa mphunzitsi wake ndi apolisi. M'malo mwake, mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika, amenenso adali Chancellor, adaikira kumbuyo mkulu wa apolisi n'kukana zopepesa, ndipo khonsolo idachotsa ntchito aphunzitsi anayi: a Chinsinga eni ake, a Jessie Kabwila-Kapasula amene ankatsogolera bungwe la aphunzitsi la CCASU, katswiri wa malamulo a Garton Kamchedzera, ndi a Franz Amin. Nkhani idakalowa kukhoti, ziletso zidatengedwa, koleji idatsekedwa, ndipo aphunzitsi a ku Polytechnic ku Blantyre nawo adalowerera. Nduna ya maphunziro pamene moto unkayamba idali a Peter Mutharika, mng'ono wake wa mtsogoleriyo. Zinthu zidakhala chomwecho kwa miyezi pafupifupi 8, kufikira mu Okutobala pamene a Bingu adalamula kuti anayi aja abwezeredwe pa ntchito, maphunziro n'kuyambanso mu Novembala.

Wina angafunse kuti aphunzitsi adalimbiranji mtima chotere pa nkhani ya phunziro limodzi. Pali zifukwa ziwiri. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tidalandira mu 1994, limatchula mwachindunji ufulu wophunzitsa ndi kuphunzira momasuka (academic freedom), pamodzi ndi ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, kotero iwo sankapempha chisomo ayi. Chifukwa china ndi chikumbukiro. Pa koleji yomweyo, mu 1987, a Jack Mapanje, amene adali mkulu wa dipatimenti ya Chingelezi, adamangidwa n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Mikuyu ili ku Zomba komweko, si patali ndi makalasi aja. Ena mwa aphunzitsi a 2011 adali ataona masiku amenewo ndi maso awo, ndipo akulu adati wolumidwa ndi njoka amathawa ndi chingwe chomwe.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena, chakuti a Chinsinga ndi a Kabwila adadzalowa ndale pambuyo pake, onse awiri mpaka kukhala nduna, ndiye kuti adali andale kuyambira kale. N'zoona kuti adalowa ndale, ndipo muli ndi ufulu wowaweruza pa zimene adachita ali m'boma. Koma zimenezo sizisintha funso la mu Febuluwale 2011, lakuti kodi wapolisi ali ndi mphamvu yoyesa zimene mphunzitsi wanena pa bolodi. Ngakhale mphunzitsiyo akadakhala munthu amene simumukonda, yankho likadakhala lomwelo. Ngati mukugwirizana nane pamenepa, tumizani vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la kubanja kwanu, makamaka kwa amalume aja amene amadziwa zonse.

Kuti ndisakhale wokondera, ndivomere kuti nkhani za ndalama ziliko. Mu 2017, Chancellor College idakhalanso miyezi ingapo osaphunzitsa chifukwa aphunzitsi ankadandaula kuti anzawo a ku College of Medicine, omwe panthawiyo adali pansi pa khonsolo imodzimodzi, ankalandira malipiro oposa awo ndi 40 peresenti. Imeneyo idali ya malipiro ndithu, ndipo ophunzira adakhala kunyumba akulima ndi makolo awo. Komabe ngakhale pamenepo, muzu wake udali kusiyanitsa anthu a giredi imodzi pansi pa bwana mmodzi, ndipo wosiyanitsayo sadali mphunzitsi. Kuyambira mu 2021 makoleji amenewa adapatukana: Chancellor College idatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic idakhala Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS), ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidapanga Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), iliyonse ndi khonsolo yake.

Chachinayi, kwa inu makolo a ku Bembeke, ku Linthipe, ku Tsangano ndi kwina konse amene mumagulitsa matumba a mbatatesi kuti mwana aphunzire, mukamva pa wailesi kuti sukulu yatsekedwa, funsani mwana wanu akutumizireni kalata ziwiri: ya bungwe la aphunzitsi yofotokoza zimene akufuna, ndi ya khonsolo yofotokoza chifukwa chimene yatsekera. Muonetsetse amene wasaina kalata yotseka, pakuti aphunzitsi angathe kuleka kuphunzitsa, koma mphamvu yolamula ophunzira kuti achoke pasukulu ili ndi oyendetsa yunivesite.

Chachisanu ndidakonza kuti chikhale cha ngongole za ophunzira, koma nthawi yatithera ndipo dzuwa lalowa kale kuseri kwa phiri la Dedza. Tidzaikamba payokha Lachisanu likubwerali. Amene mudali ku Chanco kapena ku Poly mu 2011, tilembereni m'munsimu kuti mudamaliza liti maphunziro anu, ndipo ndidzawerenga mayankho anu mu vidiyo imeneyo.