Yambani ndi README, code ibwere pambuyo

Zikomo a wapampando. Anzanga nonse, makamaka inu ophunzira a ku Chirunga amene mwabwera koyamba, nkhani yathu lero ndi library (code yokonzedwa kale imene ena amaigwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo) imene tagwirizana kulemba, yolankhula ndi DHIS2. Amene simukuidziwa, DHIS2 ndi pulogalamu yopangidwa ku University of Oslo, ndipo Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero zochokera m'zipatala. Ili ndi API yake, khomo limene mapulogalamu ena amapemphera ziwerengerozo. Library yathu idzaima pakati, kuti munthu wofuna ziwerengero za malungo m'boma la Zomba asamavutike kulumikiza URL (adiresi ya pa intaneti) yaitali pamanja.

Pempho langa ndi ili. Musanalembe function (kachigawo ka code kogwira ntchito imodzi) ngakhale imodzi, tsegulani README, fayilo yofotokoza library imene munthu amayamba kuwerenga, mulembemo mizere isanu yosonyeza mmene munthu adzaigwiritsire ntchito. Tom Preston-Werner, mmodzi mwa oyambitsa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, analimbikitsa zimenezi mu 2010. Chitsanzo chikakuvutani kulemba inu eni ake, mlendo chidzamuvuta koposa. Ngati munthu akuyenera kudzaza ma parameter 8, zinthu zimene function imafuna kupatsidwa, asanaone nambala ngakhale imodzi, bwererani mukaganizenso.

Taonani Requests, library ya Python imene Kenneth Reitz anatulutsa mu 2011. Kale, kungotumiza dzina ndi password pa urllib2, library imene inkabwera ndi Python, kunkadya mizere ingapo. Requests itafika, munthu amangolemba requests.get, n'kuika URL, basi yankho labwera. Anthu anaikonda chifukwa cha zimenezo. Koma ili ndi msampha umene ife tisautengere: mukapanda kuika timeout, malire a nthawi yodikira yankho, imadikira mpaka kalekale. Taganizirani kalaliki wa pachipatala chakumidzi, netiweki yathawa pakati pa ntchito, kompyuta yangoti duu, sakudziwa ngati azime kapena adikire. Yathu ikhale ndi malire kuchokera pachiyambi, tinene masekondi 30, wofuna kusintha asinthe. Ikalephera kutenga zinthu pa GET, iyesenso yokha. Koma potumiza zinthu pa POST ayi, chifukwa mwina seva inalandira kale, yankho lokha ndi limene linatayika panjira, ndiye mukhoza kulemba wodwala mmodzi kawiri.

Uthenga wa zolakwika nawonso muusamale. Seva ikabweza 401, musangomuponyera munthu nambalayo. Muuzeni kuti dzina kapena password zakanidwa. Ikabweza 404, tchulani ID imene sinapezeke. Ambiri sawerenga malangizo zinthu zikuyenda bwino, amawerenga uthenga umenewu zikavuta.

Achimwene kumbuyoko mukufunsa kuti nanga tikazindikira mochedwa kuti dzina la function talitchula molakwika? Funso labwino. Dzina likangotuluka kunja, silinso lanu nokha, ena amangirapo ntchito zawo. Ndi ngati kusamutsa siteji ya minibasi usiku osauza aliyense, m'mawa anthu aima pamalo akale. N'chifukwa chake tidzatsata Semantic Versioning, manambala atatu aja, monga 1.4.2. Mukakonza cholakwika, isinthe yomaliza. Mukawonjezera chinthu osaphwanya chakale, isinthe yapakati. Mukachotsa kapena kusintha dzina, isinthe yoyamba, koma musanalichotse, lakalelo ligwirebe ntchito kwa kanthawi, likuchenjeza kuti lichoka. Python 3 inatuluka mu 2008, koma Python 2 anaisiya pa 1 Januwale 2020. Anthu sasamuka msanga. Choncho chimene simukufuna kuchisamalira zaka zambiri, dzina lake muliyambe ndi underscore (_), chikhale cham'kati.

Pa malangizo enawo sinditaya nthawi. Daniele Procida anawagawa panayi m'njira yake ya Diátaxis: phunziro la woyamba kumene, njira yochitira ntchito inayake, mndandanda wa ma function onse, ndi kufotokoza zifukwa. Ife ndife ochepa, tiyambe ndi phunziro ndi mndandanda. Maina a mu code akhale m'Chingerezi kuti akunja athe kutithandiza, koma phunzirolo likhalenso m'Chichewa. Zitsanzo zonse zizidutsa pa doctest, chida cha Python choyesa zitsanzo zolembedwa m'malangizo, kuti code ikasintha chitsanzo n'kutsalira, tidziwe ife munthu wina asanagwemo.

Tikamakumananso, aliyense abwere ndi README yake ya tsamba limodzi. Mudzampatsa mnzanu amene sanaionepo, mukhale pambali pake, pakamwa potseka, manja kumbuyo, n'kumalemba paliponse pamene waima kapena wakufunsani. Achemwali, mwakweza dzanja kalekale, funsani.