Graphite yemwe amamera mkati mwa paipi yachitsulo

[Pa sikirini: dzanja likulemba ndi pensulo]

Taonani pensulo iyi. Chakuda chomwe chikulembachi ndi graphite, ndipo ndikangokanikiza pang'ono, basi chathyoka. Chinthu chofewa chomwechi chimatha kumera chokha mkati mwa paipi yachitsulo yonyamula nthunzi.

Chitsulo cha mapaipi amenewa chimakhala ndi kaboni pang'ono. Kaboniyo amakhala atamangana ndi ayironi m'timizere tolimba totchedwa cementite, ndipo timizereti ndito timapatsa chitsulo mphamvu. Koma chitsulo chikakhala pa kutentha kopitirira madigiri 425 Celsius kwa zaka zambiri, kaboni amamasuka pang'onopang'ono n'kuyamba kuunjikana payekha, kupanga timibulu ta graphite.

Timibulu tikangomwazikana apa ndi apo, chitsulo chimafooka ndithu, koma chimagwirabe ntchito. Vuto lalikulu ndi pamene tandandalikana mzere umodzi.

[Pa sikirini: pepala lokhala ndi timabowo totsatizana likung'ambidwa]

Mwaona mmene lang'ambikira mosavuta? Chitsulo chimatero nachonso. Mzerewo umakonda kubwera mamilimita ochepa kuchokera pomwe anawotcherera, pamalo pomwe moto wowotcherera unangowawula chitsulo osachisungunula. Pa maikulosikopu umaoneka wopindika ngati nsidze, ndipo mainjiniya amautchula choncho.

Mu January 1943, pa siteshoni ya magetsi ya Springdale ku Pennsylvania, m'dziko la America, paipi ya nthunzi inaduka mozungulira pafupi ndi powotcherera. Inali itagwira ntchito zaka zisanu ndi theka pa madigiri pafupifupi 500. Chowawa chake, chitsulocho chinali chosankhidwa bwino, chothiridwa mtundu wina wa chitsulo wotchedwa molybdenum kuti chipirire moto. Atachifufuza anapeza mzere wa graphite. Anazindikiranso kuti aluminiyamu yemwe ankathira poyenga chitsulo, pofuna kuchotsa okosijeni, ankafulumizitsa vutoli.

Mankhwala ake anapezeka kuti ndi kuthiramo mtundu winanso wa chitsulo wotchedwa chromium. Pang'ono chabe, osafika ngakhale 1 peresenti, amagwira kaboni kuti asamasuke. Koma mapaipi akale akadalipo m'maboyila opangira nthunzi ndi m'mafakitale oyenga mafuta, ndipo ine chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kunja kwake saonetsa kanthu: satupa, sachita dzimbiri lachilendo. Kuti adziwe, oyendera amadula kachidutswa pafupi ndi powotcherera, kukasalaza mpaka katawala ngati galasi, n'kukaika pa maikulosikopu kufunafuna timadontho takuda.