"Mankhwala a Malungo Thupi Langa Linawazolowera": Bodza Limene Ndirande Inaliphwanya

Moni nonse, mwaswera bwanji? Musadutse, chonde. Lero ndikufuna tikambe za mawu amene amandipweteka mutu ndikawamva m'minibasi kapena pamzere wa kuchipatala, akuti "mankhwala a malungo sandigwiranso, thupi langa linawazolowera." Yankho lake lili konkuno ku Ndirande. Dinani kaye batani la subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Mfundo zoyambira za mmene zamoyo zimasinthira ndithamanga nazo, ndikudziwa bandulo ndi yodula.

Choyamba, zamoyo za mtundu umodzi sizifanana ndendende. M'munda umodzi wa chimanga muli mapesi opirira ng'amba ndi ena ofota msanga.

Chachiwiri, ana amatengera makolo.

Chachitatu, zobadwa n'zambiri koma zokula n'kuberekana n'zochepa, ndipo zotsalazo ndi zimene zimadzaza dziko. Pakapita mibadwo, gulu lonse limakhala lasintha. Umu ndi mmene Nyanja ya Malawi inakhalira ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zochokera ku kholo limodzi: mbuna zopala ndere pamiyala, utaka wodya tizamoyo toyandama m'madzi, ncheni zosaka nsomba zinzake. Za nsombazi ndikukonza vidiyo yapadera, ndiye amene mumachokera ku Mangochi lembani m'makomenti mayina amene mumazitchula kwanuko.

Tsopano bodza lija. Akuluakulu mukukumbukira kolorokwini, wowawa uja, woyabwitsa thupi usiku wonse. Anali mankhwala odalirika, kenako ana anayamba kumwa osachira. Anthu nkumati matupi azolowera. Ayi ndithu! Thupi la mwana wa chaka chimodzi, amene sanalawepo kolorokwini chibadwire, lazolowera liti? Chimene chinasintha ndi tizilombo toyambitsa malungo. Ndipo mvetserani bwino apa: palibe kachilombo ngakhale kamodzi kamene kanaphunzira kupirira. Tina tinabadwa kale ndi kachilema m'chibadwa chawo kotithandiza kutulutsa mankhwalawo asanatiphe. Kolorokwini anapha tinzake tambiri, ito n'kutsala, udzudzu n'kutinyamula kupita nato nyumba ina. Tinalipo tochepa, tinasanduka tochuluka. Basi.

Mukufuna umboni? Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Ofufuza muno mu Blantyre anapitiriza kuyeza magazi a odwala. Mu 1992, mwa odwala 100 alionse, 85 anali ndi tizilombo topirira tija. Pofika 2000 anatsala 13. Kenako tinasowa. Mu 2005 anayesanso kolorokwini pa ana odwala malungo ku chipatala cha Ndirande, ndipo anachiza ana 99 mwa 100 alionse, pamene Fansidar anali atayamba kulephera kwambiri. Ndikamawerenga zimenezi tsitsi limandiimirira, abale anga. Mankhwala omwe aja, anthu omwe aja, dera lomwelo. Akanakhala kuti ndi matupi anazolowera, zikanatheka bwanji?

Nanga topirira tija tinapita kuti? Kupirira kuli ndi mtengo wake. Taganizirani munthu wavala jombo ndi chikhoti cha mvula. Mu Januwale ndi dolo. Koma mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, muuzeni apikisane ndi wovala malaya opepuka kukwera phiri la Ndirande. Kolorokwini atachoka, chikhoti chija chinasanduka katundu chabe. Tizilombo wamba, timene tinapulumuka apo ndi apo, tinaberekana msanga kuposa topirira, mpaka tinatilanda malo.

Chenjezo, ndipo apa sindikuseka: musathamangire kukagula kolorokwini chifukwa cha vidiyoyi. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba a malungo m'dziko muno ndi LA. Mukamva kutentha thupi kayezetseni, ndipo mukapatsidwa LA malizani masiku onse atatu. Kusiyira panjira chifukwa mwapezako bwino ndi kusiya tizilombo tolimba tili moyo.

Chachinayi, inde tikadali pa manambala aja, chamoyo sichisintha pachokha. Malungo amafuna munthu, kachilombo, udzudzu waukazi wa Anopheles, ndi madzi odikha oikiramo mazira. Mukagwedeza chimodzi, zinazo zimayankha. Tinagawa maneti onyikidwa m'mankhwala, udzudzu wambiri unafa, koma ku Chikwawa ofufuza anapeza kuti mtundu wa Anopheles funestus wayamba kupirira mankhwalawo. Njira yake ndi yomwe ija: wofooka unafa, wotsala unaswana. N'chifukwa chake maneti atsopano akumawonjezeramo mankhwala ena. Neti yanu musaitaye kapena kutchingira dimba la tomato, ikutchingabe udzudzu usiku.

Amene muli ndi agogo kapena malume okonda kunena kuti "ndinazolowera," atumizireni vidiyoyi pa WhatsApp. Lachisanu tikamba za ntchemberezandonda, chifukwa alimi ambiri mwandifunsa kuti bwanji mukupopera koma sizikufa.